Kuphunzira Uli pa Nchito: Mbiri ya Athandizi a Aphunzitsi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, nkhani yathu ya lero ndi ya mbiri yakale, koma ikhudza cinthu cimene mumaciona masiku onse. M'kalasi la ana ambiri, mphunzitsi akatanganidwa amaitana mwana mmodzi wocenjera kuti aime kutsogolo ndi kuwerengetsa anzace. Ndiponso m'sukulu zina muli anthu akulu amene athandiza kuphunzitsa ana, cikhalireco sanapiteko ku koleji ya aphunzitsi. Kodi munthu wotere angathe kuphunzira uphunzitsi weniweni osasiya nchito yace? Nanga ana amene ali m'manja mwace pa nthawi imene iye ali kuphunzira apindula kapena aluza? Mafunso awa avuta maboma kwa zaka zoposa 200. Tiyamba ndi dziko la England, pakuti makonzedwe a sukulu zathu zoyamba anacokera kumeneko, ndipo potsiriza tidzabwerera kuno kwathu.

Ana ophunzitsa anzao

M'caka ca 1789 mbusa wina wa ku Scotland, dzina lace Andrew Bell, anapatsidwa udindo woyang'anira sukulu ya ana amasiye ku Madras, mzinda wa ku India umene lero uchedwa Chennai. Aphunzitsi ace anali owerengeka, ndipo ana sanali kupita patsogolo. Tsiku lina anaona ana a pa sukulu ya eni dziko ali kulemba zilembo ndi zala zao pa mcenga. Iye anatengera nzeru imeneyo, nasankha mnyamata wamng'ono wocenjera kuti aphunzitse kalasi loyamba mwa njira yomweyo. Ataona kuti zayenda, anaika ana okulirapo kuti aziphunzitsa ang'ono m'makalasi onse. Atabwerera kwao analemba buku lofotokoza njira imeneyi mu 1797.

Caka cotsatira, mu 1798, mnyamata wa zaka 20 wochedwa Joseph Lancaster anatsegula sukulu ya ana osauka ku Southwark, mu mzinda wa London. Ana anabwera ambirimbiri, koma ndalama zolipirira aphunzitsi analibe. Motero nayenso anagwiritsa nchito ana okulirapo, amene anawacha mamonita, liu lomwe lija mulidziwa m'makalasi mwanu. Mphunzitsi anali kuphunzitsa mamonita poyamba, ndipo monita aliyense anali kupita kukabwereza phunzirolo kwa anzace ngati khumi. Lancaster anali kunena kuti mwa njira iyi mphunzitsi mmodzi angathe kuyang'anira ana cikwi cimodzi.

Anthu olemera ndi a mipingo anakondwa nayo njirayi cifukwa inali yochipa, ndipo mabungwe awiri akulu anayamba kumanga sukulu zotere m'dziko lonse. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Monita anali kubwereza mau amene analoweza pamtima, ndipo mwana akafunsa tanthauzo lace, monita analibe yankho. Iye mwini sanali kuphunzira zatsopano, popeza tsiku lonse linali kutha ali kuphunzitsa zimene anazidziwa kale. Akafika zaka 11 kapena 12 makolo ace anali kumcotsa kuti akagwire nchito ya ndalama, ndipo mphunzitsi anali kuyambanso ndi monita wina.

Ophunzira uphunzitsi a mu 1846

Munthu amene anafuna kukonza zimenezi anali dokotala wa ku Manchester, James Kay, amene pambuyo pace anachedwa Kay-Shuttleworth. Iye anagwira nchito pakati pa anthu osauka pa nthawi ya mliri wa kolera wa mu 1832, ndipo anakhulupirira kuti umphawi ndi umbuli ziyendera pamodzi. Mu 1839 anakhala mlembi wa komiti ya boma yoona za maphunziro, ndipo mu 1840 anatsegula koleji ya aphunzitsi ku Battersea. Paulendo wace ku Holland anaona anyamata ali kuphunzira uphunzitsi monga momwe mwana aphunzirira ukalipentala, ndiko kuti pogwira nchito pambali pa mmisiri.

Mu 1846 boma linavomereza makonzedwe ace. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 13, wa makhalidwe abwino ndi wocita bwino m'kalasi, anali kulembedwa kuti akhale pansi pa mphunzitsi wamkulu zaka zisanu. Masana anali kuphunzitsa ana, ndipo mphunzitsi wamkulu anayenera kumphunzitsa iye ola limodzi ndi theka tsiku lililonse, masiku asanu pa mlungu, m'mamawa sukulu isanayambe kapena madzulo itaweruka. Boma linali kumlipira mapaundi 10 caka coyamba, ndipo malipiro anali kukwera kufikira mapaundi 20 caka cacisanu. Mphunzitsi wamkulu nayenso anali kulandira kangacepe cifukwa ca nchito yomphunzitsa. Caka ndi caka woyendera sukulu wa boma anali kudza kudzamuyesa mayeso. Pa zaka 18 anali kulemba mayeso akulu, ndipo opambana anali kulandira thandizo la ndalama, lochedwa Queen's Scholarship, kuti akalowe ku koleji.

Taonani kusiyana kwace ndi monita. Wophunzira uphunzitsi anali ndi malipiro, anali ndi womlangiza, anali ndi nthawi yoikika ya maphunziro ace, ndiponso anali ndi khomo lotseguka kutsogolo kwace. Cifukwa ca ici ana a anthu wamba, a m'migodi ndi a m'mafakitale, anapeza makwerero okwererapo. Atsikana makamaka anapindula, pakuti masiku amenewo nchito zolemekezeka za akazi zinali zocepa, ndipo m'kupita kwa zaka atsikana anacuruka kuposa anyamata pa nchito imeneyi.

Komabe akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wa zaka 14 amene waima kutsogolo kwa kalasi tsiku lonse afika pa buku lace atatopa, ndipo mphunzitsi wamkulu nayenso afika atatopa. Mwanayo sanathe kudziwa zoposa zimene mphunzitsi wace mmodziyo anadziwa. Mu 1862 zinthu zinaipirako, pamene nduna Robert Lowe inasintha malamulo kuti sukulu zizilandira ndalama molingana ndi ciwerengero ca ana opambana mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu. Malipiro apadera a mphunzitsi wamkulu anacotsedwa, ndipo mtima wa aliyense unapita pa mayeso a ana, maphunziro a wophunzira uphunzitsi natsalira m'mbuyo.

Lamulo la maphunziro la mu 1870 linabweretsa sukulu zambiri zatsopano, ndipo mu 1880 makolo anakakamizidwa kutumiza ana ao ku sukulu. Aphunzitsi anasowa kwambiri. Pamenepo mizinda ikuluikulu, monga Liverpool ndi London, inatsegula malo apadera kumene ophunzira uphunzitsi a m'sukulu zosiyanasiyana anali kusonkhana kuti aphunzitsidwe ndi akatswiri, ndipo maola ao ophunzitsa ana anacepetsedwa. Mmodzi wa anthu amene anadzera njira iyi ndi mlembi wochuka wa mabuku, D. H. Lawrence, mwana wa munthu wa pa mgodi wa malasha. Iye anayamba kuphunzitsa kwao ku Eastwood mu 1902, nalowa koleji ku Nottingham mu 1906.

Mu 1907 boma linatsegula njira ina. Wofuna uphunzitsi anayenera kutsiriza maphunziro a sekondale poyamba, boma likumthandiza ndi ndalama, ndipo pambuyo pace ndipo alowe koleji. Kuyambira pamenepo ophunzira uphunzitsi a mtundu wakale anayamba kucepa, ngakhale kuti kumidzi anakhalapobe zaka zina. Cimene cinapha njira ya mu 1846 ndi ici: nchito inali yaikulu, maphunziro anali ang'ono, ndipo onyamula katunduyo anali akali ana.

Athandizi a masiku ano

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, m'sukulu za ana ang'ono za ku England munayamba kuoneka anthu a mtundu wina. Ambiri anali amai a pafupi ndi sukulu, olembedwa kuti azitsuka ziwiya, kukonza mabuku, kusamala mwana wodwala ndi kumvetsera ana akamawerenga. Lipoti la Plowden la mu 1967 linapempha kuti athandizi otere acuruke ndi kuti aphunzitsidwe. Lipoti la Warnock la mu 1978, ndi lamulo limene linatsatira mu 1981, zinalimbikitsa kuti ana olemala ndi ena ofuna cisamaliro capadera aziphunzira pamodzi ndi anzao, ndipo ana otere anafuna munthu wokhala nao pafupi. Motero nchito ya mthandizi inacoka pa kutsuka ziwiya nifika pa kuphunzitsa kwenikweni.

Athandizi ambiri anakhala pa nchito zaka zambiri, nadziwa ana bwino kwambiri, koma analibe pepala lililonse. Malipiro ao anali ocepa, ndipo pokhala anthu a mabanja sanathe kusiya nchito zaka zitatu kuti akakhale ku yunivesite. Khomo loyamba linatseguka ndi Open University, imene inakhazikitsidwa mu 1969 ndi kulandira ophunzira oyamba mu 1971. Maphunziro ace anali kufika pa nyumba kudzera pa positi, pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema ya BBC, ndipo sinali kufunsa satifiketi ya sekondale polowa. Ambiri mwa ophunzira ace oyamba anali aphunzitsi ofuna digiri.

Mu 2000 nduna ya maphunziro David Blunkett inalengeza digiri ya mtundu watsopano yochedwa Foundation Degree, ndipo maphunziro ace anayamba mu 2001. Colinga cace cinali cakuti munthu aphunzire maphunziro apamwamba ocokera pa nchito imene agwira. Athandizi a aphunzitsi anali pakati pa anthu amene anailandira ndi manja awiri. Kayendetsedwe kace nkotere. Mthandizi akhalabe pa sukulu yace ndi kulandira malipiro ace. Tsiku limodzi pa mlungu, kapena madzulo, apita ku koleji. Mphunzitsi mmodzi wa pa sukulupo asankhidwa kuti akhale mlangizi wace. Nchito zolemba zicokera m'kalasi momwemo: angauzidwe kuti apenyetsetse mwana amene avutika kuwerenga, alembe zimene aona, awerenge zimene akatswiri analemba pa bvuto lotero, ayese njira ina, ndipo afotokoze zotsatira zace. Digiri iyi ilingana ndi zaka ziwiri zoyamba za ku yunivesite. Payokha siimsandutsa munthu mphunzitsi, koma akaonjeza maphunziro ena alandira digiri yathunthu, ndipo angathe kupitiriza kufikira atalandira cilolezo ca uphunzitsi.

Mu 2003 boma ndi mabungwe a anchito anasainirana pangano lopeputsa katundu wa aphunzitsi. Panganoli linabweretsa udindo wa mthandizi wamkulu, amene aloledwa kuima kutsogolo kwa kalasi lonse motsogozedwa ndi mphunzitsi. Bungwe lalikulu la aphunzitsi, National Union of Teachers, linakana kusaina, poopa kuti sukulu zidzayamba kugwiritsa nchito athandizi monga aphunzitsi ochipa. Mantha amenewa ndi omwe aja a m'masiku a Lancaster.

Ndipo panali cifukwa coopera. Akatswiri a ku Institute of Education ku London, motsogozedwa ndi Peter Blatchford, anafufuza nkhaniyi zaka zingapo, ndipo zotsatira zace zinaturuka mu 2009. Iwo anapeza kuti ana amene anali kukhala nthawi yaitali ndi mthandizi anali kupita patsogolo pang'ono poyerekeza ndi anzao ofanana nao. Akatswiriwo sanaloze cala athandizi. Colakwa cinali pa makonzedwe a sukulu: ana ofooka kopambana anali kuperekedwa kwa munthu wosaphunzitsidwa mokwanira, nasiyana ndi mphunzitsi wao, ndipo mphunzitsi ndi mthandizi analibe nthawi yokonzera phunziro pamodzi. Kufufuza kwina kwa pambuyo pace kunaonetsa kuti mthandizi wophunzitsidwa bwino, wopatsidwa nchito yodziwika ndi kagulu kocepa ka ana, athandiza anawo kwambiri. Maphunziro a mthandizi tsono apindulira iye mwini, napinduliranso mwana amene akhala pambali pace.

Kuno kwathu

Nkhani iyi siyacilendo m'dziko lathu la Zambia. Amishoni oyamba, monga a Dutch Reformed Church amene anafika pa Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, anatsegula sukulu zambiri m'midzi. Aphunzitsi a m'sukuluzo anali anyamata amene anangophunzira zaka zowerengeka pa mishoni, ndipo anali kuitanidwa nthawi ndi nthawi kuti adzaonjezere nzeru asanabwererenso ku midzi yao. Anthu amenewa ndiwo anaphunzitsa makolo athu kuwerenga.

Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America zinayendera maiko a kuno, ndipo zinaona kuti sukulu za m'midzi zinali zofooka. Caka cotsatira boma la Northern Rhodesia linatsegula cigawo coona za maphunziro a anthu akuda, mkulu wace woyamba nakhala G. C. Latham. Nthumwi zija zinabweretsa nzeru imene inayamba ku America. Kumeneko mai wina wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, anapereka madola miliyoni imodzi mu 1907 kuti athandize sukulu za kumidzi za anthu akuda, ndipo ndalamazo zinalipira aphunzitsi odziwa nchito kuti aziyendera anzao ndi kuwalangiza pa sukulu pao pomwe. Sukulu ya Jeanes ya dziko lino inatsegulidwa ku Mazabuka mu 1930, pansi pa mbusa J. R. Fell. Aphunzitsi osankhika anali kupita kumeneko pamodzi ndi akazi ao, ndipo pobwerera anali kuyenda m'midzi kuonetsa anzao kaphunzitsidwe kabwino, ukhondo ndi ulimi. Mu 1939 sukuluyi inasamukira ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka.

Pamene tinalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu a dziko lino okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe. Sukulu zinamangidwa mofulumira, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambiri osaphunzitsidwa kuti makalasi asakhale opanda munthu. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo posacedwa inayamba maphunziro a pa positi, amene anathandiza aphunzitsi ndi anchito a boma kupeza digiri ali pa nchito zao. Mu 1970 Chalimbana inakhala koleji ya dziko lonse yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo m'zaka za pambuyo inayamba kupereka dipuloma kwa aphunzitsi a pulaimale ophunzira ali kwao, amene anali kusonkhana pa nthawi ya chuthi. Lero Chalimbana ndi yunivesite.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera makonzedwe ochedwa ZATEC. Wophunzira anali kukhala caka cimodzi ku koleji ndi caka cimodzi pa sukulu, ali kuphunzitsa pansi pa mlangizi. Kumene mlangizi analipo ndi kucita nchito yace, wophunzira anaturuka wokhwima. Koma m'sukulu zosowa aphunzitsi, makamaka kumidzi, wophunzira anali kupatsidwa kalasi lonse yekha, wopanda womuona. Makonzedwewo anasiyidwa pambuyo pace. Wailesi nayo inagwirako nchito iyi. Mu 2000 inayamba pulogalamu ya Learning at Taonga Market, yofikira ana amene analibe malo m'sukulu za boma. Munthu wodzipereka wa m'mudzi kapena m'komboni anali kusonkhanitsa ana pafupi ndi wailesi ndi kutsata malangizo a mphunzitsi wa pa wailesiyo, ndipo pakutero iye mwini anali kuphunzira kaphunzitsidwe. Mu 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira ku sekondale, nilemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000, koma ana anacurukanso m'makalasi, ndipo funso la wothandiza mphunzitsi likali nafe.

Zimene mbiri itiphunzitsa

Mukayang'ana ulendo wonsewu, kucokera ku Madras kufikira ku Chalimbana, muona kuti kuphunzira uli pa nchito kuyenda bwino pakakhala zinthu zitatu. Coyamba ndi nthawi yopatulidwa ya maphunziro, imene nchito siiloledwa kuidya. Caciwiri ndi mlangizi amene aona wophunzira ali kuphunzitsa, namuuza mwacifatso pamene wakhoza ndi pamene waphonya. Cacitatu ndi khomo la kutsogolo, ndiko kuti mayeso ndi pepala lobvomerezeka, kuti thukuta la munthu lisapite pacabe. Monita analibe ciliconse mwa izi. Wophunzira uphunzitsi wa mu 1846 anali ndi zonse zitatu pa pepala, koma nthawi yace inali yocepa. Wophunzira wa ZATEC kumudzi kawirikawiri anasowa mlangizi.

Inu aphunzitsi akulu, ngati pa sukulu panu pali mthandizi, kapena mphunzitsi amene ali kuphunzira dipuloma kapena digiri, musamuunjikire makalasi onse osowa mwini. Mpatseni mphunzitsi wodziwa kuti aziyenda naye. Inu aphunzitsi a m'kalasi, musapereke ana ofooka kwa mthandizi ndi kuwaiwala, pakuti amenewo ndiwo afuna inu koposa onse. Khalani pansi ndi mthandizi wanu phunziro lisanayambe, mumuuze cimene mufuna kuti ana adziwe pa tsikulo. Inu amene muli kuphunzira muli pa nchito, lembani zimene muona m'kalasi tsiku ndi tsiku, cifukwa zimenezo ndizo zidzapatsa tanthauzo mabuku amene muwerenga usiku. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndipo inu ana, mukasankhidwa kukhala monita, musangobwereza mau. Funsani mphunzitsi wanu tanthauzo lace kufikira mutamvetsa, kuti mnzanu akakufunsani mumuyankhe zoona. Lemekezani aliyense amene akuthandizani m'kalasi, kaya ali ndi satifiketi kaya alibe.

Musanadze ku nkhani yotsatira, cezani ndi agogo kapena munthu wina wacikulire wa kwanu. Mufunseni dzina la mphunzitsi wace woyamba, kumene mphunzitsiyo anaphunzira nchito yace, ndi zimene anali kulembera ana asanakhale ndi makope. Lembani mayankho ace bwinobwino, ndipo mukawawerenge kwa anzanu m'kalasi.